Pakhonde pa Azakhali: Za mileme, nkhufi ndi amuna osamva

Khalani pansi ana anga, mphasa ndayala kale. Sabata ino thumba la makalata likununkha mileme yokhayokha. Inu amene munalemba za zibwenzi zozimitsa foni ndi za apongozi olondera poto, pirirani, ndikuonani sabata ya mawa. Mavuto anuwo sathawa.

Amuna anga akudwala modukizadukiza

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo pano ndili woyembekezera. Feteleza atakwera mtengo, bambo a kunyumba anayamba kukwera phiri la kwathu kuno kukakokola zitosi za mileme m'phanga, n'kumathira kudimba. Kunena zoona kabichi ndi tomato zikuchita bwino. Koma mwezi wathawu anabwerako ndi timabala tofiira m'miyendo ndi m'chiuno. Patapita sabata anayamba kutentha thupi, kunjenjemera, mutu ndi kuphwanya m'thupi monse. Kuchipatala anawabaya chala, akuti malungo alibe. Patatha masiku atatu anachira okha n'kubwerera kudimba. Sabata ina itatha matenda aja anabweranso, ndipo pano ndi kachitatu. Apongozi akuti wina wachita nsanje ndi dimba lathu, akufuna tikaombeze. Eni akewo akuti n'kutopa chabe, moti agula LA pamsika. Nditani?

Mayi wa kudimba, Dedza

Mwana wanga,

Poyamba undiperekere moni kwa mkamwini wangayo, katswiri wa zaulimi amene ataona kuti kuponi yachedwa anaganiza zokapempha feteleza kwa mileme. Nzeruyo sindikuinyoza, zitosi za mileme ndi manyowa amphamvu ndithu. Koma ndiyankhe funso ili: kuchipatalako anawauza adokotala kuti amakwawa m'phanga? Usavutike, yankho ndikulidziwa. Anangoti "thupi likuphwanya," n'kuyang'ana pansi. Amuna athuwa pabwalo la bawo sapuma kulankhula, koma akangoona namwino pakamwa pamatsekeka.

Tamvera tsono. M'magazi a mileme yambiri mumakhala mabakiteriya, mleme wake uli bwinobwino, ukuuluka, ukudya, ukubereka. Magulu amene akatswiri amawapeza kawirikawiri ndi atatu: Bartonella, Borrelia ndi Mycoplasma. Mleme wongodutsa pamwamba pa mutu wako madzulo sungakupatse amenewa. Kuti achoke m'magazi a mleme n'kulowa m'magazi a munthu nthawi zambiri pamafunika wowanyamula, ndipo m'phanga onyamulawo ndi ambiri.

Kafunse agogo ako za nkhufi. Akuuza kuti zinkabisala m'ming'alu ya zipupa ndi pansi pa mphasa m'nyumba zadothi, n'kumatuluka usiku. Nkhufi n'zosiyana ndi nkhupakupa za ng'ombe zimene zimakakamira pakhungu masiku angapo mpaka uzione. Nkhufi imayamwa mwachangu, nthawi zambiri osafika theka la ola, osakupweteka, kenako n'kugwa pansi kukabisala. Ikhoza kukhala zaka osadya, ikungodikira. Nkhufi za m'nyumba zimafalitsa bakiteriya wotchedwa Borrelia duttonii, amene anapatsidwa dzina la dokotala wa ku Britain, Joseph Dutton, yemwe anamwalira ku Congo mu 1905 akufufuza matenda omwewa.

Mapanga a mileme nawo ali ndi nkhufi zawo. Mu 2019 akatswiri a ku Zambia ndi anzawo a ku Japan anafalitsa nkhani ya munthu amene analumidwa ndi nkhufi m'phanga lina ku Zambia komweko, kenako n'kudwala kutentha thupi. M'magazi mwake anapezamo Borrelia wa mtundu umene sunkadziwika, n'kuutcha Borrelia fainii. Atapima nkhufi za m'phanga ndi mileme, anapeza bakiteriya yemweyo, pafupifupi mwa mleme umodzi pa mileme inayi iliyonse. Ku Zambiako ndi kuseri kwa nyumba, mwanawe, ndipo mileme siima pachipata cha Mchinji kudinditsa pasipoti.

Ine si dokotala ndipo sindingapime munthu kudzera m'kalata. Koma kudwala masiku atatu, kuchira sabata, kudwalanso, ndiwo mayendedwe a Borrelia enieni. Bakiteriya ameneyu amachita ngati munthu wangongole amene amasintha malaya ndi chipewa kuti omukongoza asamuzindikire pamsika. Chitetezo cha m'thupi chikamuzindikira n'kupha ambiri, munthu amati wachira. Otsalawo amasintha khungu lawo la kunja, n'kuchulukananso, thupi n'kuyambiranso kutentha. Kachipangizo kobaya chala kaja kamangofufuza malungo basi, Borrelia sikamuona. LA nayenso samukhudza n'komwe. Ndalama ya pamsika ija mwangotaya.

Uchite izi. Thupi likangoyamba kutentha, tsiku lomwelo, uwatenge kuchipatala chimene chili ndi labotale, chifukwa mabakiteriyawa amaoneka bwino m'magazi pamene munthu akutentha thupi. Akachira amachepa kwambiri moti wopima akhoza kuwaphonya. Amayang'ana dontho la magazi pagalasi ndi maikulosikopu, ndipo amaoneka ngati tiulusi topotana. Upite nawo iwe mwini, buku la kuchipatala lili m'manja, ndipo akayamba kuyang'ana pansi ulankhule ndiwe. Unene zitatu: amalowa m'phanga la mileme, analumidwa, ndipo matendawa awagwira katatu. Mankhwala ake alipo, ena mwa iwo ndi doxycycline, koma asakagule okha makapisozi pagolosale. Pa matenda amenewa, maola ochepa munthu atamwa mankhwala oyamba akhoza kunjenjemera kwambiri, thupi kutentha koposa, magazi kuthamanga motsika mpaka kukomoka. N'chifukwa chake amayambira pamaso pa achipatala.

Tsopano za iwe. Borrelia ndi woipa kwa mayi woyembekezera, amachititsa kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane. Matumba a zitosi aja asalowenso m'nyumba, ngakhale pakhonde. Zovala za kuphanga azivulira panja, zichapidwe ndi madzi otentha, ndipo wochapa akhale mwini wake. Manja amene amanyamula thumba kutsika phiri sangalephere ndowa. Iwe ukangomva thupi kutentha, kusikelo msanga, ndipo ukanene za phangalo.

Mkamwini wangayo aiwale phanga, apange feteleza wa Mbeya ngati anzake. M'phangamo mulinso fumbi la zitosi limene limadwalitsa mapapo, ndipo mileme ina ya m'mapanga imasunga vairasi ya Marburg. Ngati khutu lili louma ndithu, avale majombo, thalauza alipisire m'kati, malaya a manja aatali, magolovesi ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno, ndipo asakhale pansi kapena kutsamira mwala.

Apongozi akowo uwauze mwaulemu kuti sanalakwe kwenikweni. Wolodza alipo ndithu, koma ali ndi miyendo 8 ndipo nkhuku yakuda saifuna. Nkhukuyo muphe, mkamwini amwe msuzi.

Mkazi wanga akukana kuphika ndiwo yanga

Azakhali,

Mango akayamba kupsa, mileme ikuluikulu ija ya nkhope ngati galu imadzaza mumtengo wa pakhomo panga. Ine ndimaigwetsa ndi legeni, nthawi zina ndimatchera ukonde. Nyama yake siisiyana ndi nkhuku. Koma mayi a kunyumba akana kuiphika mumphika wawo, aletsanso ana kundithandiza kusenda. Akuti ndikapitiriza ndizigona pabalaza. Ine ndikuti moto umapha tizilombo tonse. Chonde alangizeni.

Mlenje wa usiku, Mchinji

Mwana wa mchimwene wanga,

Walemba kalata kuti ndikalangize mkazi wako, koma amene akhale pampando wa wolangizidwa ndiwe. Pabalazapo payale bwino.

Pa mfundo ya moto wakhoza. Nyama ikapsa bwinobwino mabakiteriya amafa. Koma pakati pa legeni ndi mphika pali mpeni, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Tayang'ana manja akowo. Pali bala la chikwanje, pali ming'alu ya khasu, pali pamene unadzicheka dzana. Mleme wogwa ndi legeni nthawi zambiri sukhala utafa, umakanda ndi kuluma. Pousenda magazi ake amayenderera m'zala, iwe n'kupukuta thukuta, n'kutikita m'maso. Pofika pamoto, amene amafuna kulowa analowa kalekale.

Kum'mawa kwa Australia kuli chilumba chotchedwa New Caledonia. Anthu a kumeneko amasaka mileme ikuluikulu yodya zipatso, ndipo ndi ndiwo yolemekezeka pa miyambo yawo. Mu 2021 madokotala a kumeneko anafotokoza za odwala 15 amene anabwera ndi kutentha thupi kosatha, kuonda, kutupa kapamba ndi kutha magazi. Anayi anamwalira. Woyambitsa anali bakiteriya wotchedwa Mycoplasma haemohominis, amene amamatirira pa maselo ofiira a magazi mpaka thupi kuyamba kuphwanya maselo akewo. Pafupifupi odwala onsewo anali atagwirapo mileme, posaka kapena poikonza, ndipo bakiteriya yemweyo anapezeka m'mileme ya pachilumbapo.

Ukuti kumeneko n'kutali? Tiye ku Nigeria. M'dera la Idanre muli mwambo umene umachitika kawiri pachaka, pamene amuna amalowa m'mapanga kukagwira mileme. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anapeza mtundu watsopano wa Bartonella m'mileme ya m'mapangawo ndiponso m'tintchentche topanda mapiko timene timakhala mu ubweya wa mleme n'kumayamwa magazi. Anautcha Bartonella rousetti. Atapima anthu 204 a m'midzi yozungulira, 8 anali ndi zizindikiro m'magazi zoonetsa kuti thupi lawo linakumanapo ndi bakiteriya ameneyu. Mu 2020 anamupezanso m'mileme ya ku Zambia.

Banja la Bartonella si lachilendo kwa madokotala. Wina amachokera kwa amphaka akakukanda, wina amayenda ndi nsabwe ndipo anagoneka asilikali ambirimbiri pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Choopsa chawo n'chakuti ena amakakhazikika pa tizitseko ta mumtima, n'kumawononga pang'onopang'ono, munthu akungomva kufooka ndi kutentha thupi kwa apo ndi apo kwa miyezi. Ku America anapezapo Bartonella wosadziwika mumtima wa wodwala wotere. Mu 2014 akatswiri a ku Finland anapeza mtundu womwewo m'mileme ya kwawoko.

Sindikuti aliyense amene anasendapo mleme akudwala. Odwala amene alembedwa m'mabuku ndi ochepa. Koma matendawa safufuzidwa pachipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo amabisala kumbuyo kwa malungo. Ukagwa nawo udzamwa LA kangapo, udzagulitsa mbuzi kulipira asing'anga, usanakumane ndi wofunsa za mileme. Onjezerapo chiwewe: mileme imasunga mavairasi a banja limenelo, ndipo chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichibwerera. Mleme ukakuluma kapena kukukanda, tsuka bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo kukafunsa za katemera.

Ana asiye, asagwire ngakhale mleme wakufa. Mango ojejedwa ndi mleme muzikwirira, osati kudula mbali yolumidwayo n'kudya kotsalako. Ndipo dziwa kuti mileme ukuigwetsayo ndiyo imanyamula mungu wa maluwa a mlambe usiku, ndiyonso imamwaza nthanga za mitengo kutali ndi kwawo. Ukadzasowa malambe usadzandilembere kalata.

Mkazi wako umupepese, umugulire mphika watsopano, muphikemo usipa.

Mileme yatilanda nyumba

Okondedwa Azakhali,

Ndine mphunzitsi ndipo ndikukhala m'nyumba ya pasukulu. Musiling'i mwadzaza timileme ting'onoting'ono. Fungo ndiye losaneneka, zitosi zimagwera pabedi, usiku sitigona ndi phokoso. Ndamva kuti m'magazi mwawo muli matenda. Ndaganiza zotseka mabowo onse masana ili m'kati, ndipope mankhwala, ife yonse. Anyamata a Sitandade 8 avomera kundithandiza kutola.

Mphunzitsi wotopa, Salima

Aphunzitsi,

Ndikupatsani ulemu wa choko, koma pa mayeso awa mwapeza ziro. Ana a eni ake anabwera kudzaphunzira masamu, inu mukufuna kuwasandutsa otola mitembo ya mileme ndi manja osavala kanthu? Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo wamkulu wake mukhala inu pamaso pa makolo.

Taganizani bwino. Mileme ikakhala yamoyo musiling'imo, nthata, nkhufi ndi tizilombo tina tofanana ndi nsikidzi timakhala ndi chakudya chawo komweko. Mukaipha yonse tsiku limodzi, tizilomboto sitifa tonse. Timatsika ndi njala kudzera m'ming'alu, ndipo nyama yotentha magazi imene ili pafupi ndi inuyo ndi mayi a kunyumba. Mileme yoledzera ndi mankhwala imagwera pabwalo, ana ndi amphaka n'kuitola. Yofera m'kati imaola, ndipo fungo mukudandaula nalo lerolo mudzalilakalaka.

Ku Uganda anayesapo nzeru yanuyi. Mu 2007 anthu ogwira ntchito mumgodi wa Kitaka anadwala Marburg, ndipo chaka chotsatira mileme ya mumgodimo inaphedwa. Patapita nthawi mileme ina inalowamo, ndipo akatswiri atapima anapeza kuti gawo la mileme yokhala ndi vairasiyo lakula kuposa kale. Mu 2012 matendawo anabukanso m'tauni ya Ibanda, pafupi ndi mgodiwo. Marburg ndi vairasi, osati bakiteriya, koma phunziro lake ndi limodzi: kupha mileme sikuthetsa matenda.

Njira yake ndi iyi. Madzulo dzuwa likamalowa, khalani panja muone pamene ikutulukira. Tsekani mabowo ena onse, musiye amene ikugwiritsa ntchito kwambiri. Pamenepo mulendeweze kachidutswa ka neti, mukhome pamwamba ndi m'mbali koma pansi pakhale potseguka, kuti izitha kutuluka koma izilephera kubwerera. Pakatha sabata muli zii, tsekani ndi simenti kapena waya wa sefa. Ntchitoyi muigwire m'miyezi yozizira, osati kumayambiriro kwa dzinja pamene mileme yambiri imakhala ndi ana osauluka, chifukwa anawo adzafera m'kati. Zitosi muziwaze madzi musanasese kuti fumbi lisabuke, mutavala magolovesi ndi chotchinga kukamwa. Kenako ndiye mupope mankhwala ophera tizilombo totsalato, ndi kumata ming'alu ya siling'i. Pakadali pano gonani m'neti. Ku Lilongwe kuli bungwe la African Bat Conservation limene limalangiza anthu pa nkhani ya mileme ya m'nyumba. Nkhaniyi muitengerenso kwa ahedi ndi komiti ya sukulu, nyumbayo ndi yawo.

Timileme timeneti timadya tizilombo touluka usiku wonse, kuphatikizapo agulugufe ausiku amene amabala mbozi za m'chimanga. Mutitulutse m'nyumba mwamtendere, tikagwire ntchito kumunda.

Chibwenzi chikufuna ku Kasanka

Azakhali,

Mtsikana amene ndikufuna kumanga naye banja akuti chaka chino tipite ku Kasanka tikaone mileme. Ine ndawerenga za mabakiteriya a m'magazi a mileme ndipo ndamuuza kuti n'zoopsa. Iye akuti ndikungothawa. Ndithandizeni kumumvetsetsa.

Mnyamata wosamala, Lusaka

Mwanawe,

Mtsikanayo ndamumvetsa kale, amene ndikufuna kumumvetsa ndi iwe. Kodi chikukuopsa ndi Bartonella kapena mtengo wa basi ya ku Serenje?

Chaka chilichonse, kuyambira kumapeto kwa October mpaka December, mileme yodya zipatso mamiliyoni angapo imasonkhana m'kankhalango kakang'ono ka ku Kasanka kudzadya masuku ndi zipatso zina za m'tchire. Anthu amachoka maiko akutali kudzaona zimenezi. Amaimirira pansanja m'bandakucha kapena madzulo, mileme ili m'mwamba, iwo ali pansi. Palibe akusenda, palibe akukwawa m'phanga, palibe akugona pa zitosi. Valani chipewa ndi malaya a manja aatali, mverani wokutsogolerani, musatole mleme wogwa kapena masuku ojejedwa, sambani m'manja musanadye. Chimene muyenera kuchiopa kwenikweni kumeneko ndi udzudzu, choncho neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu zisatsale.

Ngati vuto lili m'thumba, muuze choncho. Mtsikana wofuna banja amamva. Koma ukayamba kubisala kumbuyo kwa mabakiteriya lero, tsiku la chinkhoswe udzati mbuzi zili ndi chigodola. Yamba kusunga ndalama mwezi uno, ndipo mukakabwerako mudzandionetse zithunzi.

Ndatha ine wanu,

Azakhali